Petulo "Wamphamvu" ndi Njinga za ku Lobi: Mafunso ndi Mayankho pa Nkhani ya Octane

Njinga zamoto zasintha kayendedwe ka zinthu m'dera la Lobi. Matumba a kachewere, madengu a tomato, feteleza, ngakhale mayi wapakati wothamangira kuchipatala, zonse zimene kale zinkadikira lole kapena ngolo, lero zimakwera pa Lifo, SanLG, King Lion kapena Boxer. Pa siteji iliyonse ya kabaza nkhani ya mafuta siitha. Wina akuti petulo wa ku Mozambique ndiye wamphamvu, wina akuti wa kuno ndi wosukuluka, winanso wamva za octane ndipo akukhulupirira kuti nambala ikakula njinga nayo imakoka kwambiri. Maganizo anga ndi akuti kwa njinga zimene zimayenda m'misewu ya ku Lobi, petulo wa pa pampu ali ndi octane wokwanira mpaka kutsalako. Chimene chimapha mainjini ndi petulo wosadziwika kumene wachokera, kuphatikizapo kayendetsedwe kolemetsa injini.

Kodi octane n'chiyani, ndipo nambala za 91, 93 ndi 95 zimayeza chiyani?

Tiyambire m'kati mwa injini. Pisitoni ikamakwera imapanikiza mpweya wosakanikirana ndi nthunzi ya petulo, kenako pulagi imathetheka, moto n'kuyamba pa pulagipo kufalikira mwadongosolo mpaka m'mbali mwa silinda. Kuyaka kwadongosoloku ndiko kumakankha pisitoni bwinobwino. Koma kutentha ndi kupanikizika zikapyola muyeso, gawo la mpweya ndi petulo limene lili kutali ndi pulagi silidikira kuti moto ulipeze. Limaphulika lokha mwadzidzidzi, ndipo kuphulikako kumamenya pisitoni ndi makoma a silinda. Woyendetsa amamva kugogoda kosongoka, ngati timiyala tikugwedezedwa m'chitini, makamaka pa chikweza njinga italemedwa. Zikapitirira kwa nthawi yaitali, mutu wa pisitoni umadyeka, maring'i amathyoka, ndipo nthawi zina pisitoni imabooka.

Octane ndi muyeso wa kupirira kwa petulo kuti asaphulike yekha chotere. Muyesowu unakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1920 kuchokera pa ntchito ya katswiri wa ku America, Graham Edgar. Anatenga mankhwala awiri: iso-octane, amene amapirira kwambiri, n'kumupatsa nambala 100, ndi heptane, amene amaphulika msanga, n'kumupatsa 0. Petulo wa 93 ndi amene m'injini yoyesera amapirira mofanana ndi msanganizo wa magawo 93 a iso-octane ndi 7 a heptane. Nambalayi sinena kanthu za mphamvu imene ili m'lita imodzi ya mafuta. Umboni wake uli pafupi nafe. Ethanol ali ndi octane woposa 100, koma lita yake ili ndi mphamvu yongofika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a lita ya petulo. Dizilo ali ndi mphamvu zambiri pa lita kuposa petulo, koma octane wake ndi wotsika kwambiri moti sangayendetse injini ya njinga. Kupirira ndi mphamvu ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mikangano yambiri ya pa siteji imachokera pa kuzisokoneza.

Pali kanthu kenanso kamene kamasocheretsa owerenga pa intaneti. Kuno ku Africa, monganso ku Ulaya, nambala imene timagwiritsa ntchito ndi ya RON. Ku America mapampu amalembedwa nambala ya muyeso wina, moti 87 wa kumeneko amafanana pafupifupi ndi 91 kapena 92 wa kuno. Malangizo olembedwera anthu a kumeneko sangatengedwe mmene alili.

Nanga njinga za kabaza zimafuna nambala iti?

Injini iliyonse imafuna octane molingana ndi mmene imapanikizira mpweya. Njinga za 100cc mpaka 150cc zimene zadzaza ku Dedza zili ndi silinda imodzi, zimazizira ndi mphepo, ndipo zimapanikiza mpweya pafupifupi ka 9. Zinapangidwa dala kuti ziziyenda ndi petulo wamba wa m'mayiko amene mulibe mitundu yambiri ya mafuta, ndipo mabuku a njinga zotere kawirikawiri amatchula RON 91 kapena kucheperako pang'ono. Njinga zazikulu zampikisano, zimene zimapanikiza ka 12 kapena 13, ndizo zimafunadi 95 kapena kuposa. Petulo wa pa mapampu a m'chigawo chino cha Africa amayambira pa 91 kupita m'mwamba, ndipo ku Malawi kuno amagulitsidwa mtundu umodzi wokha, kaya mwaima pa Puma, TotalEnergies, Petroda kapena Mount Meru.

Wina anganene kuti ngati 91 akwanira, 95 ayenera kuposa. Pa galimoto zina zamakono zimenezi zili ndi choonadi pang'ono, chifukwa zili ndi kachipangizo komva kugogoda ndi kompyuta imene imasintha nthawi yothethekera pulagi kuti ipindule ndi petulo wopirira. Njinga ya kabureta ilibe zonsezi. Nthawi yothethekera pulagi inaikidwa kale, ndipo injini siidziwa kuti mwaimwetsa wa nambala yaikulu. Ikapanda kugogoda ndi 91, octane wotsalayo amangoyaka limodzi ndi mafuta ena osawonjezera liwiro, kukoka kapena mtunda.

Kodi kukhala kumtunda kwa Dedza kukusinthapo chilichonse?

Kukusintha kwambiri, ndipo apa ndi pamene nkhani ya ku Lobi isiyanirana ndi ya ku Nsanje kapena ku Tete. Boma la Dedza lili pafupifupi mamita 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, phiri la Dedza limafika mamita 2,198, ndipo dera lonse la kumadzulo kwa boma, kuphatikizapo Lobi, lili pamwamba popitirira mamita 1,000. Munthu akamakwera mpweya umapepuka. Pa mamita 1,500 kupanikiza kwa mpweya kumakhala pafupifupi 85 peresenti ya mmene kumakhalira m'mphepete mwa nyanja yamchere. Choncho pisitoni ikatsika kukoka mpweya imalandira wochepa, ndipo ikakwera kuupanikiza siufikitsa pa mlingo umene ukanafika ku Beira. Kupanikizika kukachepa, mpata wa kugogoda umachepanso. Kuzizira kwa ku Dedza kumathandizira mbali yomweyo. Injini yomweyo, ikakhala kumtunda, imakhutira ndi octane wocheperako.

Amene anakhalapo ku South Africa anaziona zimenezi pa pampu. Ku Johannesburg, mzinda umene uli pamwamba popitirira mamita 1,700, amagulitsa petulo wa 93 pambali pa wa 95, pamene ku Durban ndi ku Cape Town, m'mphepete mwa nyanja, wodziwika ndi 95. Kusiyanaku kunabwera chifukwa cha kukwera kwa malo basi.

Koma mpweya wopepukawu uli ndi mtengo wake, ndipo ndikuganiza kuti ndiwo gwero la madandaulo ambiri akuti petulo ndi wofooka. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu yake pa mamita 100 alionse amene yakwera. Njinga ya ku Lobi imayamba ulendo itataya kale gawo loposa limodzi mwa magawo khumi a mphamvu imene inalembedwa m'buku lake, kenako timaisenzetsa matumba awiri a kachewere ndi mwini wake. Ikamalephera chikweza, mlandu umagwera mafuta. Komanso kabureta imene inachunidwa ku fakitale kuti iziyenda kuchigwa imapitiriza kuthira petulo wochuluka mu mpweya wochepawo, n'chifukwa chake mapulagi a kumtunda amada msanga ndi mwaye. Octane wamkulu sangakonze chilichonse mwa izi, chifukwa chimene chikusowa ndi mpweya.

Chenjezo likupita kwa amene amachepetsa mafuta pa kabureta mopyola muyeso pofuna kuti lita iwafikitse patali. Ku Lobi njingayo ingathe kupirira. Koma tsiku limene itatsike msewu wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti, kufupi ndi nyanja imene ili pafupifupi mamita 470 okha pamwamba pa nyanja yamchere, idzapeza mpweya wolemera ndi wotentha, mafuta adzakhala ochepa koposa pa mpweya umenewo, injini idzatentha, ndipo pobwerera pa zikweza zija idzagogoda ngakhale petulo ali wabwino.

Ambiri amalumbira kuti petulo wa ku Mozambique amayenda mtunda wautali kuposa wa kuno. Kodi onsewa akulakwitsa?

Sakulakwitsa pa zonse, ndipo umboni wa anthu amene amakhala pa njinga tsiku lonse suyenera kutayidwa. Tiyambe ndi zodziwika. Malawi sayenga petulo wakewake. Mafuta athu amagulidwa kunja ndi NOCMA komanso Petroleum Importers Limited, ndipo amalowa kudzera m'madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Madoko awiri mwa atatuwa ndi a ku Mozambique komweko. Chimene dziko lino limachita mosiyana ndi kusakaniza petuloyo ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe popanga shuga. Ntchitoyi inayamba mu 1982 pamene Ethanol Company inatsegulidwa ku Dwangwa, ndipo mu 2004 PressCane inayamba kupanga ku Chikwawa. Mlingo wovomerezeka umafika mpaka 20 peresenti, ngakhale kuti weniweni umatengera kuchuluka kwa ethanol amene alipo pa nyengoyo.

Ethanol amakweza octane, choncho amene amati petulo wa kuno ndi wotsika octane chifukwa chosakanizidwa aitembenuza nkhani. Koma monga taonera, ethanol ali ndi mphamvu yochepa pa lita. Petulo wokhala ndi 10 peresenti ya ethanol amachepa mphamvu ndi pafupifupi 3 peresenti, ndipo wa 20 peresenti amachepa ndi 6 kapena 7. Ngati petulo amene mwagula kutsidya kwa malire, ku Angónia, alibe ethanol, n'zotheka kuti pa makilomita 100 akupatsani atatu mpaka asanu ndi awiri owonjezera. Kusiyanaku ndi kwenikweni, ndipo kwa munthu amene phindu lake la tsiku limawerengedwa m'malita si kopanda pake. Komabe sikukhudzana ndi octane, ndiponso n'kochepa poyerekeza ndi zimene amadya matayala osapopa bwino, tcheni chouma, sefa ya mpweya yotsekeka ndi fumbi la m'misewu, kapena botolo limene amati ndi lita koma silikwana lita. Palinso ubwino wina umene satchulidwa. Ethanol ali ndi okosijeni m'kati mwake, ndiye kumtunda kuno, kumene kabureta imathira mafuta ochuluka, amathandiza pang'ono kuti moto uyake moyera.

Vuto lenileni la ethanol ndi madzi. Amayamwa chinyezi, ndipo madzi akachuluka m'thanki, ethanol amasiyana ndi petulo n'kutsikira pansi limodzi ndi madziwo. Pansi ndi pamene paipi imatungira, choncho injini imayamba kumwa madzi, ndipo petulo wotsala pamwamba amakhala wataya gawo la octane wake. Ku Dedza, ndi chifunga cha June ndi July komanso mvula ya dzinja, njinga yogona panja ndi chivindikiro cha thanki chosatseka bwino ili pa ngozi imeneyi. Thanki yokhala pafupifupi yopanda kanthu nthawi zonse, monga zimakhalira kwa amene amamwetsa theka la lita ulendo uliwonse, imachita thukuta m'kati usiku, kenako dzimbiri.

Ndiye ngozi yaikulu ili pati?

Ili m'botolo ndi m'chigubu. Sindikunena izi pofuna kunyoza ogulitsa a m'mbali mwa msewu. Malonda awo anakula chifukwa cha kutalika kwa malo omwetsera mafuta ndiponso kusowa kwa mafuta kumene dziko lino linakuona mu 2011 ndi 2012, n'kubweranso mobwerezabwereza kuyambira mu 2022 chifukwa cha kuchepa kwa ndalama zakunja. Ambiri mwa iwo amagulitsa petulo yemweyo amene anamugula pa pampu. Koma lamulo limafuna kuti wogulitsa mafuta akhale ndi chiphaso cha bungwe loyang'anira za mafuta la MERA, ndipo chifukwa chimodzi cha lamuloli n'chakuti mafuta a pa pampu ali ndi mwini amene angafunsidwe akapezeka oipa. Petulo wa m'botolo wadutsa m'manja angapo, ndipo pa dzanja lililonse pali mpata woti china chake chilowe kapena chichoke.

Choopsa kwambiri mwa zolowa ndi palafini. Amasakanikirana ndi petulo osaoneka, ndipo nthawi iliyonse imene mtengo wake uli pansi pa wa petulo, chiyeso chowonjezera nacho malita chimakhalapo. Octane wa palafini ndi wotsika zedi, kutali ndi wa petulo, moti pang'ono pokha amakwanira kudya mpata wonse umene kukwera kwa Dedza kunakupatsani. Apa ndi pamene octane amakhaladi nkhani ku Lobi: pamene wina wamutsitsa mobisa. Palafini sasanduka nthunzi msanga, choncho njinga imavuta kulira m'mawa, imatulutsa utsi, ndipo gawo lina limene silinayake limatsetsereka m'makoma a silinda kukasungunula oyilo. Lina limasanduka mwaye wouma umene umamatirira pa mutu wa pisitoni. Mwayewu umachepetsa malo amene mpweya umapanikizidwiramo ndiponso umasunga kutentha, ndiye injini imayamba kufuna octane wokwera kuposa mmene inapangidwira. Mwini wake akabwerera ku petulo wabwino n'kumva kuti ikugogodabe, amaganiza kuti wa pa pampu ndiye wofooka, pamene chilonda chinayambira m'mabotolo a miyezi yapitayo.

Zochoka nazo zimawononga. Petulo ali ndi zigawo zopepuka zimene zimathandiza injini kulira ikazizira, ndipo zina mwa izo zili ndi octane wokwera. Botolo lapulasitiki likakhala pa thebulo padzuwa masiku angapo, zigawo zimenezi zimauluka. Wogulitsa sanathiremo kanthu, koma petuloyo si yemwe uja anachoka pa pampu. Kuwonjezera apo pali zinyalala ndi madzi a m'zigubu zimene kale munali mafuta ophikira kapena dizilo.

Kulangiza munthu wa ku Lobi kuti azimwetsa pa pampu pokha, pamene pampuyo ili kutali kapena yauma, si kulankhula zosatheka?

Funsoli ndi lachilungamo. Wa kabaza sangaimike njinga sabata yathunthu kudikira thankala, ndipo kuyenda mtunda wautali kukafuna lita ziwiri ndi kuotcha mafuta omwewo. Chimene ndikulimbikitsa ndi kusintha funso limene timafunsa pogula. M'malo mofunsa ngati petuloyo ndi wa ku Mozambique kapena wa kuno, tifunse kuti wafika liti ndipo wasungidwa motani. Wogulitsa mmodzi wodziwika, amene katundu wake amatha msanga ndipo amamusunga pamthunzi m'chigubu chotseka, ndi wodalirika kuposa wotchipa wongodutsa. Mpata ukapezeka wofika pa pampu, kudzaza thanki kumateteza ku dzimbiri ndipo kumachepetsa maulendo a ku botolo.

Pali mayeso osafuna ndalama. Dontho la petulo weniweni pa pepala loyera limauma msanga osasiya banga lamafuta, pamene wosakanizidwa ndi palafini kapena dizilo wambiri amachedwa kuuma ndipo amasiya chizindikiro. Botolo loonekera m'kati likaimikidwa kwa kanthawi limaonetsa madzi ndi zinyalala pansi. Mayesowa sagwira kusakaniza kwapang'ono, koma amagwira kwakukulu kumene kumapha injini msanga. Mtundu wa petulo, kaya ndi wofiirira, wobiriwira kapena wachikasu, suyenera kudaliridwa, chifukwa umachokera ku utoto wothiridwamo ndipo sunena za mphamvu kapena octane. Kasefa kakang'ono ka pa paipi ya mafuta n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi pisitoni ndi maring'i. Ndipo akabaza a pa siteji imodzi ali ndi chida chimene woyendetsa mmodzi alibe: njinga zitatu zikavuta tsiku limodzi zitamwa pa malo amodzi, umenewo ndi umboni wokwanira kuti onse asiye kugulapo.

Boma nalo lili ndi gawo lake. MERA ndi Malawi Bureau of Standards ndiwo ali ndi udindo pa ubwino wa mafuta, ndipo ndikuona kuti pampu iliyonse iyenera kulembedwa poonekera nambala ya RON ndi kuchuluka kwa ethanol, m'Chichewa chomwe. Mphekesera za petulo wosukuluka zimakula chifukwa wogula sauzidwa chimene akugula.

Njinga ikayamba kugogoda, ndithire mankhwala okweza octane?

Musathamangire kumeneko. Mabotolo ambiri ang'onoang'ono a mankhwalawa amakweza nambala pang'ono kwambiri poyerekeza ndi mtengo wake, ndipo ena ali ndi zitsulo zimene zimasiya zotsalira pa pulagi. Mbiri ikutichenjezanso. Kuyambira m'ma 1920, pambuyo pa ntchito ya Thomas Midgley ku General Motors, dziko lapansi linkakweza octane pothira mtovu mu petulo. Injini zinasiya kugogoda, koma utsi wake unawononga ubongo wa ana kwa zaka zambiri. Mayiko a kumwera kwa Sahara anasiya petulo wa mtovu pofika mu 2006, ndipo Algeria, dziko lomaliza, linasiya mu 2021.

Kugogoda kukamveka, choyamba ndi kutsitsa giya. Kukwera chikweza pa giya yaikulu, injini ikuzungulira pang'onopang'ono koma mafuta mutatsegula onse, ndiyo nthawi imene kupanikizika m'silinda kumakhala kwakukulu ndipo mphepo yoziziritsa ili yochepa. Ambiri amachita zimenezi poganiza kuti akusunga mafuta. Phokosolo likatha mutatsitsa giya, vuto linali katundu ndi kayendetsedwe. Likapitirira, ganizirani kumene munamwetsa komaliza, ndipo ngati mukukayika, khuthulani thanki ndi kabureta n'kuthira petulo wodziwika. Kenako onani zimene zimatenthetsa injini: matope ouma otseka mizere yoziziritsira ya pa silinda, oyilo wochepa kapena wokalamba, pulagi ya nambala yosiyana ndi imene buku likunena, ndi kabureta yochepetsedwa mafuta kapena yoyamwa mpweya pa labala yong'ambika. Nsonga ya pulagi imauza zambiri. Ikakhala yofiirira injini ili bwino, ikada ndi mwaye mafuta achuluka, ikayera mbuu injini ikutentha ndipo ili pa ngozi.

Si phokoso lililonse limene lili kugogoda kwa mafuta. Mavavu otayirira ndi tcheni cha m'kati mwa injini zimalira ngakhale njinga itaima, ndipo kulira kwake kumatsata kuzungulira kwa injini. Kugogoda kwa mafuta kumabwera injini ikatentha ndi kulemedwa, n'kuleka mukangobweza dzanja. Zonsezi zikayesedwa koma phokoso likadalipo pa njinga imene yayenda zaka, makaniko atsegule mutu wa injini achotse mwaye wa pa pisitoni, aonenso ngati CDI (kachipangizo kolamula nthawi yothethekera pulagi) imene inaikidwa posintha yakale ndi yogwirizanadi ndi injiniyo, chifukwa yolakwika imathetheketsa pulagi nthawi isanakwane.